Chiphapha kapena chuma? Mafunso a magalimoto akale a kunyanja ku Mangochi

Pa msewu wochoka ku Liwonde kudzera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay, maso anazolowera Sienta, Probox, maminibasi ndi njinga zamoto za akabaza. Koma mwa apo ndi apo pamatulukira galimoto yoti ngakhale wogulitsa usipa amadzutsa mutu n'kuitsatira ndi maso: Land Rover yamakona, Peugeot yonyamula mitanga ya nsomba, lole ya Bedford yamphuno yaitali. Zambiri mwa zoterezi sizikuyendanso. Zinakhalira pa njerwa kuseri kwa magalaja ndi pansi pa mitengo ya mango, ndipo ena akuti n'zinyalala pamene ena akuti n'chuma.

Kodi galimoto iliyonse yakale ndi yamtengo wapatali?

Ayi. Pali magalimoto amene anangotha basi. Bungwe la okonda magalimoto akale padziko lonse, la FIVA, limati galimoto yosungidwa ngati mbiri ikhale ya zaka zosachepera 30, isamalidwe mmene inatulukira kufakitale, ndipo isamagwire ntchito ya tsiku ndi tsiku. Mfundo yomalizayo ingachotse pafupifupi magalimoto onse a kwathu kuno. Ku Ulaya galimoto inakalamba chifukwa inkagona m'nyumba yofunditsidwa nsalu. Ya ku Mangochi inakalamba chifukwa inkadyetsa banja, ndiye mwini wake sakanalola kuti ife. Ineyo ndimaona kuti ukalamba wachiwiriwu ndiwo wolemekezeka.

Odziwa amayang'ana ngati mtundu umenewo unasowa, ngati ziwalo zake zikadali zoyambirira, komanso ngati mbiri yake ikudziwika: anaigula ndani, inkagwira ntchito yanji, inadutsa m'manja angati. Penti wonyezimira amabwera kumapeto kwenikweni.

Nanga zinafika bwanji kunyanja kuno?

Tauni ya Mangochi inayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali khomo lolowera panyanja. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma kuchoka pamenepo kukafika kudoko katundu ankayenda pa msewu wodzera ku Zomba ndi ku Liwonde, makamaka madzi a mu Shire atachepa moti sitima sizinkadutsa. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, malole a asilikali ankatuta katundu pa msewu umenewu kupita naye kusitima zolowera kumpoto. Njanji itafika m'mbali mwa nyanja ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, doko la kuno linayamba kuzizira.

Magalimoto a nthawi imeneyo musayembekezere kuwapeza. Amene alipo lero anabwera pambuyo pake, ndipo njira zake n'zodziwika. Mamishoni ndi zipatala zake, monga za ku Malindi, ankafuna galimoto yosaopa mchenga ndi mitsinje. Maesiteti a fodya a ku Namwera ankafuna mapikapu ndi malole. Makampani a nsomba ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja analinso ndi zawo. Boma, kudzera ku nthambi yake ya magalimoto ya PVHO, linkagulitsa pa okushoni magalimoto amene latopa nawo, ndipo ambiri a nambala ya boma ya MG anathera m'manja mwa amalonda. Njira yomaliza, imene ikadali yotseguka, ndi ya ku Joni.

Ndaona Land Rover yakale itaima pagalaja. Ndingadziwe bwanji msinkhu wake?

Yambani ndi nkhope. Land Rover inatuluka koyamba mu 1948, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 nyali zake zinkakhala moyandikana pakati, mkati mwa sefa wa redieta, osati pamapiko. Mukaona nyali zili pakati choncho, ndiye kuti galimotoyo ndi ya m'ma 1960 kapena kale kuposa pamenepo. Kenako yendani cham'mbali. Ngati bodi yatsika mowongoka kuchoka pazenera mpaka pansi, imeneyo ndi Series I, yopangidwa mpaka 1958, ndipo mwapeza chinthu chosowa kwambiri. Ngati pansi pa zenera bodi yatukuka pang'ono ngati phewa, ndi Series II kapena IIA, kapena yapambuyo pake.

Series III, ya 1971 mpaka 1985, ndiyo imapezeka kawirikawiri. Nyali zake zili pamapiko, sefa wakutsogolo ndi wapulasitiki, ndipo mawotchi a liwiro ndi mafuta ali kutsogolo kwa dalaivala. Mu zakale kuposa imeneyo mawotchi ali pakati, pa chitsulo chopanda chophimba chilichonse. Suzumirani pansi pafupi ndi giya, muona timitu tiwiri, kachikasu ndi kofiira. Kachikasu mumakadina mukafika pamchenga kuti matayala onse anayi akoke. Kofiira mumakakokera kumbuyo pokwera phiri kapena potuluka m'matope. Dalaivala wa IIA amaponda klachi kawiri posintha magiya oyambirira, apo ayi giyabokosi imakukuta mano mpaka wapanjira kutembenuka.

Zina zili ndi denga lachiwiri pamwamba pa loyamba, pakati pali mpata wodutsa mphepo. Analipangira maiko otentha, ndipo amene anakhalapo m'galimoto masana a mwezi wa Novembala pa Makawa sangafunse ntchito yake.

Pomaliza gwadani muyang'ane kunsi. Masipuling'i amapale osanjikizana ndi a Series. Ozungulira ngati mphete ndi a 110 ndi 90, zimene zinayamba mu 1983 ndi 1984 ndipo zinapatsidwa dzina la Defender mu 1990. Galasi lakutsogolo limanenanso zomwezo: la Series ndi logawika pawiri, la Defender ndi limodzi. Anthu ambiri amangoti Defender pa Land Rover iliyonse yamakona, ndipo wogulitsa wochenjera amadyerapo pamenepo.

Nanga Land Cruiser?

Imene osonkhanitsa magalimoto kunja amailimbirana ndi ya mtundu wa 40, yopangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984. Nyali zake zozungulira zazingidwa ndi chitsulo chimodzi choyera, pakati palembedwa TOYOTA, ndipo denga la zambiri ndi loyera. Yaifupi ndi 40, pikapu yaitali ndi 45. Chilembo choyamba chimanena injini: FJ ndi ya petulo, BJ ndi HJ ndi za dizilo. Ya mtundu wa 70, imene timaiona ngati ambulansi m'zipatala za boma, inayamba mu 1984 ndipo ikupangidwabe, choncho maonekedwe achikale asakunamizeni.

Tisangoti zam'tchire zokha. Za apaulendo wamba bwanji?

Pamenepa mfumu ndi Peugeot. Ya 404 inatuluka mu 1960, ili ndi timapiko tosongoka kumbuyo, ndipo giya yake ili pachiwongolero. Inapambana mpikisano wa East African Safari kanayi m'zaka za m'ma 1960, zimene zinaimangira mbiri mu Africa monse. Ya 504 inabwera mu 1968. Nyali zake n'zamakona opendekeka, ndipo buti yake imathyoka n'kutsetsereka chakumapeto. Ku France anasiya kupanga ya anthu mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000. Chinsinsi chake chinali kunsi: inakwera bwino kuchoka pansi, ndipo masipuling'i ake ankameza mabampu a msewu wafumbi popanda kugwedeza okwera. Yaitali ya mizere itatu ya mipando inali Sienta ya nthawi imeneyo. Mapikapu ake ndi amene anavutika koposa, chifukwa madzi a nsomba anadya pansi pa bodi mpaka kuboola.

Mercedes-Benz ya mtundu wa W123, ya 1976 mpaka 1986, inali ya mabwana ndi amalonda olemera. Nambala ili pabuti imanena kukula kwa injini, ndipo D ndi dizilo. Ya 240D ilibe liwiro ngakhale pang'ono, njinga yamoto imaipitirira pachitunda, koma injini yake imakalamba ndi mwini wake.

Datsun 120Y ya m'ma 1970 ndi Volkswagen Beetle nazonso zinadutsa m'misewu yathu. Beetle ilibe redieta, injini ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo. Kuno kotenthaku lamba wa fani akaduka muime pomwepo.

Anyamata athu a ku Joni amabwera ndi magalimoto ooneka achikale. Nawonso awerengedwe?

Awerengedwe, koma mosamala, chifukwa South Africa inali ndi chizolowezi chopitiriza kupanga galimoto imene maiko ena anaisiya kalekale. Kapikapu ka Nissan 1400 kanachokera ku Datsun ya 1971, koma kankapangidwabe ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008. Citi Golf ndi thupi la Golf yoyamba ya 1974, komabe inkatuluka mufakitale ya ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009. Choncho galimoto ikhoza kuoneka ya nthawi ya Kamuzu koma ili ya nthawi ya Bingu. Sikuti imeneyo ndi yachabe, chifukwa ku Joni komweko mitengo ya zosamalidwa bwino ikukwera. Koma musalipire mtengo wa agogo pogula mdzukulu.

Toyota Cressida ili ndi mbiri yakeyake: ndi imene inanyamula Nelson Mandela potuluka kundende ya Victor Verster pa 11 Febuluwale 1990. Ndiye pali BMW 325iS, imene m'makomboni a ku Joni amaitchula kuti Gusheshe, yopangidwira msika wa dzikolo lokha ndipo yochepa chiwerengero. Popeza dzinalo ndi ndalama, BMW wamba zambiri za thupi limenelo zinamatidwa zilembo ndi mabampala kuti zioneke ngati iyo. Munthu akakuuzani pa Mangochi kuti akugulitsa Gusheshe yeniyeni motchipa, funsani nambala ya chasisi musanafunse china chilichonse.

Mapepala ndi manambala zimathandiza chiyani?

Zimathandiza kuposa maso. Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kokhomedwa pabodi, kawirikawiri pansi pa boneti kapena pafelemu la chitseko, komanso nambala yodindidwa pachasisi penipeni. Ziwirizi zifanane, ndipo zifanane ndi zolembedwa mu bulubuku. Kuyambira 1981 nambalayi pa magalimoto ambiri ili ndi zilembo ndi manambala 17. Zakale kuposa pamenepo zili ndi zazifupi, kampani iliyonse ndi kalembedwe kake. Ngati pamalo a nambala pali zizindikiro za kuwotcherera kapena kupala, chokanipo.

Nambala ya pamsewu imanena kumene galimoto inalembetsedwa ndi nthawi imene inalembetsedwa m'Malawi muno, osati chaka chimene inapangidwa. MH ndi Mangochi. Manambala akale a ku Blantyre oyamba ndi BA, BB, BC ndi otsatira ake amakuuzani kuti galimotoyo yakhalitsa m'dziko muno, ndipo mwini wake asafulumire kuwasintha, chifukwa nawonso ndi mbiri. Yochokera kunja ikhale ndi umboni wa msonkho wa MRA ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Galimoto yopanda mapepala, ngakhale ikongole chotani, kuofesi ya Road Traffic simudzailembetsa m'dzina lanu, ndipo idzathera m'masipeyala.

Kodi mphepo ya kunyanja siidya chitsulo?

Apa tili ndi mwayi. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, ndiye galimoto yokhala pa Nkopola siola ngati yokhala ku Durban kapena ku Beira. Dzimbiri la kuno limachokera kwina: matope ouma amene amakhala m'kati mwa chasisi n'kumasunga chinyezi, madzi a nsomba, masamba owolerana m'ngalande za denga, ndi mvula yolowera pa mphira wa magalasi amene dzuwa linaumitsa.

Land Rover imanyenga kwambiri pa nkhaniyi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, koma chasisi ndi khoma lolekanitsa injini ndi dalaivala ndi zachitsulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani kahamala mugogode chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamtanda wakumapeto ndi pamene masipuling'i amangiriridwa. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chowola chimangoti phu, n'kugwetsa fumbi lofiira. Pa magalimoto a bodi yachitsulo yendetsani maginito m'munsi mwa zitseko ndi m'mapiko. Pamene sakugwira, wowongola anamatapo phala n'kupentapo.

Adani enieni kuno ndi dzuwa ndi kutentha. Dzuwa limang'amba mipando ndi dashibodi. Kutentha kumayesa redieta, ndipo mayeso ake ndi phiri la msewu wa ku Namwera kapena zitunda zolowera ku Cape Maclear. Galimoto yokwera pamenepo masana osawira ndiye kuti ili bwino.

Mafuta a masiku ano amagwirizana ndi injini zakale?

Osati kwenikweni. Injini zambiri za petulo za m'ma 1960 ndi 1970 zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene ankateteza pokhalira mavavu m'hedi. Petulo ameneyo anathetsedwa kuno kumwera kwa Sahara pofika 2006. Galimoto yoyenda pang'onopang'ono imapirira zaka, koma yothamangitsidwa mitunda italiitali imafuna kuti hedi ikonzedwe ndi zitsulo zolimba kapena muzithira mankhwala ake.

Chachiwiri ndi ethanol. Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol amafewetsa mapaipi a mphira akale ndi tiziwalo ta m'kabureta, ndiponso amakoka chinyezi petulo akakhalitsa m'thanki. Sinthani mapaipi onse a mafuta musanailize galimoto imene yakhala zaka. Magalimoto ena anapsa tsiku lachisangalalo, injini itangolira koyamba.

Makaniko akuti tichotse injini yakale tiike ya Toyota. Kodi n'kulakwa?

Zimatengera chimene mukufuna. Ngati galimotoyo ndiyo ikudyetsani, ikani injini imene masipeyala ake mungawapeze pa Mangochi kapena ku Limbe tsiku lomwelo, palibe angakudzudzuleni. Land Rover zambiri zikuyenda lero chifukwa cha injini zobwereka, ndipo pakanapanda amakaniko athu olumikiza zosalumikizika, bwenzi zonse zili kumoto. Pempho langa ndi limodzi: injini yoyambirira musaigulitse. Ithireni oilo, muitseke, muiike pakona. Tsiku lina wogula adzafunsa ngati nambala ya injini ikufanana ndi ya m'buku, ndipo yankho lake lidzasintha mtengo.

Chimene chimandipweteka ndi kudula kosafunika. Kucheka denga, kuboola dashibodi kuti mulowe wailesi yamakono, kutaya mawilo ake n'kuika onyezimira, kupaka penti wa nyumba ndi burashi. Injini imabwezeretsedwa, koma chitsulo chodulidwa sichimera. Ngakhale penti wakale wosuluka, wokhala ndi dzina la mishoni kapena la esiteti likuonekera pachitseko, osonkhanitsa ambiri masiku ano amamufuna kuposa watsopano.

N'chiyani chikutha magalimotowa?

Sikelo. Ogula zitsulo zakutha amayenda m'midzi ndi m'matauni, amalipira pa kilo, ndipo banja limene lili ndi chiphapha pabwalo komanso fizi ya mwana pakhosi silichedwa kuvomera. Zimene sizinapite pasikelo zimapita pang'onopang'ono. Aluminiyamu wa Land Rover amasungunulidwa n'kukhala mapoto. Masipuling'i amapita kwa osula, amene amadziwa kuti nkhwangwa ndi chikwanje chabwino zimachokera pamenepo. Ekiselo ndi matayala zimakhala ngolo, injini imakayendetsa chigayo, mpando umakakhala pakhonde. Palibe chotayika, ndipo sindinganyoze luso limenelo. Koma galimoto imene inanyamula odwala a dera lonse kwa zaka makumi awiri imatha masana amodzi, osatsala ngakhale chithunzi.

Ndaipeza imene ndikuifuna. Mwini wake ndimuyambe bwanji?

Osati ndi mtengo. Odirani, khalani pansi, perekani moni wokwanira, ndipo ngati ndi bambo wachiyao muwatchule ndi Che kutsogolo kwa dzina lawo monga amachitira anzawo. Funso loyamba likhale lakuti, "Bambo, galimoto imeneyi munaipeza chaka chanji?" Mudzamva za ulendo wa ku Makanjira nthawi ya dzinja, za mtsinje umene anagona tsidya lake masiku awiri, za makaniko amene anamwalira. Zimenezo ndi mbali ya chimene mukugula, ndipo muzilembe. Musajambule musanapemphe.

Ngati mwini wake anatisiya, samalani kwambiri. Galimoto ya malemu ndi chuma chamasiye, ndipo mwana mmodzi kapena mlamu sangaigulitse payekha. Abale agwirizane, mapepala a chuma chamasiye akhalepo, mboni zisaine. Ndipo musanamize mayi wamasiye kuti n'chitsulo chabe pamene mukudziwa kuti ku Johannesburg chili ndi ogula. Tauni ndi yaing'ono, zimamveka.

Kuli koti munthu angakaone magalimoto otere atasungidwa bwino?

Ku Mangochi mbiri imene inasungidwa ndi ya pamadzi. Nyumba ya Lake Malawi Museum imafotokoza za nyanja ndi sitima zake, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya 1903 pali mfuti ya sitima yankhondo ya Guendolen, ndipo Ilala, imene inalowa m'madzi ku Monkey Bay mu 1951, ikuposa msinkhu pafupifupi galimoto iliyonse yoyenda m'boma lino. Zapamsewu zinasiyidwa kwa eni ake. Ku Blantyre, pabwalo la Chichiri Museum, kuli makina akale a zamtengatenga. Amene muli ku Joni, James Hall Museum of Transport ili pa Rosettenville Road, ndipo kalabu ya Piston Ring imasonkhana ku Modderfontein. Kuno kwathu, pitani ku Chembe, ku Cape Maclear, miyezi yozizira. Alendo oyenda pamtunda kuchoka ku South Africa ndi ku Ulaya amaimika Land Rover ndi Land Cruiser zawo m'malo ogona, ndipo ambiri amatsegula boneti mosavuta mukawafunsa mwaulemu.

Ndili nayo kuseri kwa nyumba, koma ndalama yokonzera ndilibe. Nditani?

Ichotseni pansi pa mtengo. Mthunzi wa mango umaoneka wabwino, koma masamba, zipatso zowola ndi zitosi za mbalame zimadya denga. Mangani kachisakasa, ngakhale kaudzu, koma musaikulunge ndi pepala lapulasitiki chifukwa limasunga thukuta. Ikwezeni pa njerwa kapena pa matabwa olimba kuti matayala ndi chasisi zisakhudze dothi, ndipo lambulani udzu wozungulira nyengo ya moto isanafike. Chotsani batire. Khuthulani petulo wakale. Masulani mapulagi, thirani oilo pang'ono m'mabowo, ndipo mwezi uliwonse zungulizani injini ndi sipanala kapena ndi handulo kuti isagwirane. Tsekani paipi ya utsi ndi polowera mpweya, chifukwa makoswe amamanga zisa m'menemo ndipo amatafuna mawaya.

Tizinthu ting'onoting'ono ndi timene timayamba kusowa: zilembo za paboneti, magalasi a nyali, zotsegulira zitseko, chivundikiro cha redieta. Ana amaseweretsa, odutsa amatola, ndipo kupeza tina n'kovuta kuposa kupeza pisitoni. Timasuleni mutisunge m'nyumba. Bulubuku, malisiti akale ndi chithunzi chilichonse cha galimotoyo ikadali pamsewu muziike m'chitini chotseka bwino, kutali ndi chiswe.